Boti la faiba likatuwa ndi kudyeka kunsi

Bambo ena a ku Senga Bay, ku Salima, atilembera pa imelo kuti boti lawo la faiba latuwa m'mbali, lachita chikasu molekezera madzi, ndipo kumsana kwake, kunsi kwa botilo, kwayamba kuoneka ulusi wa faiba. Akufunsa ngati penti angathetse zonsezi.

Ayi bambo, penti angophimba. Khungu lakunja la boti, lomwe amisiri amalitcha gelcoat, ndi lopyapyala, pafupifupi theka la milimita, ndipo mavuto onsewa akuchitikira pomwepo.

Kutuwako ndi dzuwa. Limawotcha khungulo mpaka kusanduka ufa, moti mukasisita, dzanja limayera ngati mwagwira choko. Khwechani ndi sandipepa wonyowa wa 600, kenako wa 1000, mupake polishi ndi wakisi. Osalimbitsa dzanja, khungulo latsala pang'ono kale. Chikasu ndi ndere ndi litsiro la m'madzi zomwe zalowerera m'khungu lopsalo. Mankhwala otchedwa oxalic acid amachichotsa, koma valani magolovesi. Waya wotsukira mapoto musagwiritse ntchito, amasiya tizitsulo tochita dzimbiri.

Chodetsa nkhawa ndi msanawo. Mchenga ndi wolimba kuposa resin, guluu amene amamata ulusi wa faiba, ndiye nthawi iliyonse anyamata akamakokera boti kumtunda, amakhala akulipala, makamaka kumbuyo komwe injini imalemera. Ulusi ukaonekera, madzi amalowa n'kumayenda mkati. Yang'ananinso matuza. Mukaboola limodzi (samalani maso) n'kutuluka madzi onunkha ngati viniga, ndiye kuti chinyezi chinalowa kalekale.

Vundikirani botilo pamthunzi, mutsegule matuzawo, mutsuke ndi madzi oyera, liume ndithu, ngakhale zitatenga masabata. Ambiri amalakwitsa pamenepa chifukwa chothamangira usipa: resin sagwira ponyowa, chigambacho chimadzamatuka chokha. Likauma khwechani ndi sandipepa wa 80, mupukute ndi mankhwala ochotsa mafuta otchedwa acetone, muyale ulusi wa faiba kawiri kapena katatu, chigamba chilichonse chokulirapo kuposa chinzake.

Pa lita imodzi ya polyester resin thirani mamililita 10 mpaka 15 a hadena, mankhwala oumitsa resin. Kutentha kwa kunyanja kuno kumaumitsa msanga, choncho sakanizani pang'onopang'ono, m'mawa. Hadena akachuluka, resin amatentha n'kung'aluka. Akachepa, amangokhala nomatanomata. Pomaliza pakani gelcoat watsopano.

Pokokera boti kumtunda muziyala mitengo yoburungira pansi, ndipo injini muyambe mwaichotsa.