Kamba wa paulendo: yankho kwa asisi a ku Chelstone

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa asisi ena a ku Chelstone, kuno ku Lusaka. Mnzawo wa pamtima, amene ndi namwino, wapeza ntchito ku Manchester, ku UK, ndipo anyamuka mwezi wamawa. Funso lawo ndi lalifupi: ndimugulire chiyani choti azindikumbukira nacho? Ndinawerenga ndili m'minibasi pa Great East Road, ndipo ndinafika m'tauni osadziwa kuti pa Manda Hill tadutsa nthawi yanji. Asisi, mwandigunda pachilonda.

Mu 2016 mnzanga amene tinakulira limodzi ku Chilenje anasamukira ku Perth, ku Australia. Nyumba zathu zinali zoyang'anana. Tinkadyera mbale imodzi, ndipo akalakwa iye, amayi ake ankatikalipira tonse awiri. Atandiuza kuti mapepala atuluka, ndinasangalala pakamwa, koma usiku tulo sindinatione. Ndinaganiza kuti ndimupatse chinthu chachikulu, choti aliyense wolowa m'nyumba mwake azifunsa kuti ichi anakupatsa ndani.

Ndinapita ku Kabwata Cultural Village, pa Burma Road paja, kumene amisiri amasema atakhala pakhomo pa tinyumba tozungulira tofolera udzu. Ndinazungulira masana onse mpaka ndinapeza njovu yosema pa mtengo wa mukwa, yosalala, yofiirira, chitamba chili m'mwamba. Mkulu amene anaisema anaipukuta ndi kansanza, naikulunga m'manyuzipepala. Ndalama imene ndinalipira inali yoti ikanandidyetsa milungu iwiri, koma sindinadandaule. Ndinainyamula ngati khanda mpaka kunyumba.

Tsiku la ulendo tinamuperekeza ambiri ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, nyumba yatsopano ija isanatsegulidwe. Ataika sutikesi pa sikelo, inaonetsa makilo 27, pamene tikiti yake inkalola 23. Mnzanga anagwada pansi pomwepo, anthu akuona, natsegula. Munali zovala, masetifiketi ake, nsapato, kathumba ka ufa kamene azakhali ake anamukakamiza, ndi kaphukusi ka munthu wina wa kutchalitchi koti akapereke kwa mwana wake. Anagwira ichi, nagwira icho. Kenako anatulutsa njovu ija, nandiyang'ana misozi ili lengelenge. "Mnzanga, undikhululukire." Anaipereka kwa mlongo wake kuti abwerere nayo kunyumba.

Chimene chinandibaya kwambiri n'chakuti m'mbali mwa sutikesimo, pakati pa zovala, ndinaona mthiko wa amayi ake. Wakale, wakuda chogwirira, wolumika mbali imodzi chifukwa chokanda mphika zaka zambiri. Umenewo sanaukhudze n'komwe. Ndinabwerera kunyumba nditatupa mtima, ndipo kwa miyezi ingapo mauthenga ake pa WhatsApp ndinkangowayankha ndi mawu awiri. Mwana wa eni ake ali yekhayekha kudziko lachilendo, ine ndikusunga mkwiyo chifukwa cha mtengo wosema. Mpaka lero ndikakumbukira zimandiwawa.

Amene anandimasula ndi agogo anga a ku Katete, ngakhale kuti panthawiyo anali atamwalira kale. Tikamabwerera ku Lusaka tchuthi chikatha, agogo ankadzuka tambala woyamba n'kuyamba kutikonzera kamba. Mtedza wokazinga ndi mchere, chimanga chokazinga, mbatata yophika, nthawi zina kankhuku, zonse atamanga pa kansalu. Ulendo wa basi unali wautali, ndipo tikamafika pa Luangwa Bridge, pamene amayi amagulitsa nsomba zouma ndi madengu, kansalu kaja kamakhala katapepuka. Agogo sanatipatsepo chinthu choti tiziwakumbukira nacho. Nkhawa yawo inali yoti njala isatipweteke m'njira. Kamba uja ankatha tsiku lomwelo, koma fungo la mtedza wopserera pang'ono likandipeza pa Soweto Market, ndimaima kaye.

Ndiye asisi, ndikuuzeni mosabisa: funso lanu lapendekera kwa inu. "Choti azindikumbukira nacho" ndi mawu a munthu wotsala amene akuopa kuiwalika. Mantha amenewo ndikuwadziwa, ndi omwe anandigulitsa njovu. Koma wopitayo nkhawa zake n'zina. Akuganiza za kuzizira, za chipinda chimene sanachionepo, za makolo amene akuwasiya. Mawotchi a kopa okhala ndi mapu a Zambia, makapu olembedwa dzina, mafelemu a galasi, zonsezi timagula kuti mtima wathu ukhale m'malo, katundu n'kumusenzetsa mnzathu. Ndipo iye sangakane, chifukwa kwathu kuno kukana mphatso n'kunyoza. Amangolandira ndi manja awiri, usiku n'kumavutika yekha ndi sikelo.

Pamenepa ndionjezepo nkhani ya timaphukusi, chifukwa imandinyansa. Munthu akangomveka kuti akupita kunja, achibale a anthu ena amatulukira paliponse: mundiperekereko aka kwa mwana wanga, n'kopepuka. Kopepuka kakakhala kasanu ndi makilo angapo, ndipo mwini ulendo amasiya juzi lake kuti anyamule za eni. Chinanso, pa bwalo la ndege amafunsa ngati katundu walongedza wekha, ndiye kunyamula phukusi lomata limene sunalione m'kati n'kudziika pamoto. Ngati ndinu mnzake weniweni, khalani inu pakamwa pake. Muziwauza anthu kuti sutikesi yadzaza, manyaziwo muwasenze ndinu.

N'chimodzimodzi ndi maphwando otsanzikana. Timasonkha pa gulu la WhatsApp, kulipira malo, keke, zovala zofanana, kujambulitsa. Sindikuletsa kusangalala. Koma ndalama imeneyo ikanamugulira jekete lenileni akafika, chifukwa ku Manchester mu Disembala dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko masana, ndipo juzi la ku salaula limene timadalira mu Juni silikwanira kumeneko.

Ndibwerere kwa mnzanga uja. Tsiku lina amayi ake anandiimbira foni kuti ndiwaperekeze kuchipatala, BP inali itakwera ndipo mlongo wake anali ku Kitwe. Tinakhala pa mzere kuyambira m'mawa, ndinawasungira kabuku kawo, ndinawagulira madzi, pobwerera ndinawaphikira phala. Ndikulowa m'chipinda chochezera ndinaona njovu yanga ili pamwamba pa kabati, atayala kansalu koluka pansi pake. Kuyambira pamenepo ndinayamba kupitako Loweruka lililonse. Perth ili patsogolo pathu ndi maola 6, ndiye ndikafika cha m'ma 2 koloko masana, kwawoko imakhala 8 koloko usiku. Ndimaimika foni pa tebulo, kuitsamiritsa ku botolo la shuga, mayi ndi mwana n'kumacheza. Tsiku lina amayi atapita kukhitchini, mnzanga anandiuza motsitsa mawu kuti, "Ukudziwa, ndimagona tulo chifukwa cha iwe." Anatembenuza foni kundionetsa mphika wa nsima uli pamoto, mthiko uja uli m'katimo. Akuti atafika anaulemba pa fomu, chifukwa ku Australia chilichonse cha mtengo, mbewu ndi chakudya umayenera kuchionetsa. Ogwira ntchito pa bwalo la ndege anauyang'ana ngati uli ndi makungwa kapena mabowo a tizilombo, n'kumubwezera.

Tsono mugule chiyani?

Choyamba mufunseni kuti sutikesi yatsala ndi malo otani, ndipo mumve yankho lake. Ngati alipo, pitani ku msika wa Kamwala mukasankhe chitenge chabwino cha mamita 2. Sichilemera, sichisweka, ndipo adzachifunda, adzachimanga m'chiuno pophika, adzachiyala pabedi tsiku limene mtima wapita kumudzi. Muikepo mthiko watsopano, chifukwa zipande za kumeneko n'zopyapyala, nsima ikalimba zimathyoka. Kapenta wa ku Siavonga kapena ku Mpulungu angapite, UK imalola nsomba zouma mpaka makilo 20 pa munthu, koma mumumange m'mapulasitiki awiri kapena atatu kuti zovala zisanunkhe. Nyama ndi za mkaka ayi, zimenezo saloleza. Za mapulagi musavutike, a ku UK ndi amano atatu omwewa timagwiritsa ntchito kuno. Ndipo mulembe kalata pamanja, tsamba limodzi, muilowetse m'thumba la jekete lake kuti akaipeze atafika.

Koma musanapite ku Kamwala, khalani naye pansi awiriwiri, mumufunse kuti akusiya ndani ndi chiyani chimene chikumusowetsa tulo. Mwina ndi amayi ake, mwina ndi mng'ono wake amene akulemba mayeso a Giredi 12, mwina ndi kapuloti kamene akuopa kuti anthu alowerera. Sankhani chimodzi chokha chimene mungakwanitse ngakhale mvula ikugwa, ngakhale mwatopa, ndipo mumuuze tsiku limene muzichita. Musalonjeze zisanu.

Ine Loweruka lino ndili ku Chilenje. Amayi anena kuti mankhwala atsala a masiku atatu, ndiponso akufuna ndiwagulire chibwabwa kuti titendere. Adzukulu anagwetsa njovu ija mwezi watha, mnyanga umodzi unathyoka, ndiye andituma ndibwere ndi guluu.