Funsani za Makina: Pa Laputopu Zikutheka, pa Foni ya Amalume Ayi

FUNSO: Achimwene, ndinamaliza maphunziro a kompyuta chaka chatha. Amalume ali ndi nyumba zogona alendo kuno ku Senga Bay, ndiye ndinawapangira webusayiti yoti alendo azisungitsa chipinda asanafike. Pa laputopu yanga zonse zili bwinobwino. Koma pa foni ya amalume batani losungitsira chipinda silikuyankha, zithunzinso zikukwerana. Iwo akuti ndinangowadyera ndalama. Vuto ndi foni yawo kapena ndi ine? Mphwanu wa ku Senga Bay.

YANKHO: Mphwanga, usakhumudwe, koma mlanduwu ukugwera iwe. Telala akamasoka malaya a kasitomala sadziyeza yekha. Iwe unayesa ntchito yako pa makina ako okha, pomwe amene azidina batanilo ali ndi mafoni osiyanasiyana, ena akale kuposa a amalume.

Tsamba lililonse la pa intaneti limalembedwa mu HTML, CSS ndi JavaScript, ndipo browser ndi imene imawerenga zimenezi n'kukuonetsa chooneka ndi maso. Malamulo a kalembedweka alipo. Amawasamala ndi mabungwe ngati W3C, lomwe Tim Berners-Lee anayambitsa mu 1994, ndi WHATWG. Koma lamulo likatuluka, si browser zonse zimene zimaliphunzira tsiku limodzi. Mayina a browser ndi ambiri, koma injini zikuluzikulu, zomwe zimawerenga tsamba mkati mwa browser, ndi zitatu zokha: Blink ya mu Chrome, Edge, Opera ndi Samsung Internet, Gecko ya mu Firefox, ndi WebKit ya mu Safari. Apa tchera khutu, chifukwa alendo a ku Senga Bay ambiri amachokera ku Lilongwe ndi kunja, ena ali ndi iPhone. Pa iPhone zimene timaona kuno, ngakhale Chrome imayendera WebKit. Ukapanda kubwereka iPhone n'kuyesapo, ndiye kuti gulu lonselo sunalione.

Tsopano za foni ya amalume. Mu 2021 Google inayamba kutulutsa Chrome yatsopano masabata anayi aliwonse, pomwe kale inkadikira asanu ndi limodzi. Laputopu yako imalandira zimenezi mwakachetechete, iwe osadziwa n'komwe. Foni ya Android nthawi zambiri imakhala yotcheredwa kuti ipange update pokhapokha ikapeza Wi-Fi. Nanga mafoni angati kuno amadziwa Wi-Fi? Ine ndimagwira mafoni a anthu pa Kamuzu Road pano, ndipo sichachilendo kupeza Chrome ikadali yomwe inabwera nayo foni kuchokera mu shopu. Ena memory inadzaza kalekale ndi mavidiyo a pa WhatsApp, update ikafuna kulowa imasowa pokhala.

Zizindikiro ziwiri zimene watchulazo zili ndi magwero osiyana. CSS, yomwe imakonza maonekedwe a tsamba, ndi yofatsa: browser ikakumana ndi mzere umene sikuudziwa, imangoudumpha n'kupitiriza, n'chifukwa chake zithunzi zikukwerana koma tsamba likutsegukabe. JavaScript, yomwe imayendetsa zinthu ngati batani lako, ilibe chifundo chotero. Ikapeza kalembedwe kachilendo pamalo amodzi, fayilo yonse imakana kugwira ntchito. Chitsanzo ndi kachizindikiro ka ?. kamene achinyamata mumakonda masiku ano. Kanalowa mu Chrome 80, mu Febuluwale 2020. Chrome yakale kuposa pamenepo ikangokaona, batani lako lafa, ngakhale kakhale pamzere wosakhudzana ndi batanilo.

Usanakonze chilichonse, pita kwa amalume, upemphe foniyo mwaulemu, uone kaye kuti amatsegulira chiyani. Ngati ndi Chrome, lemba chrome://version pamalo a adiresi, nambala yoyambayo ikuuza msinkhu wake. Ngati ndi Opera Mini, nkhani ndi ina. Ikakhala pa njira yopulumutsa data kwambiri, tsamba lako silifika pa foni mwachindunji. Limayamba ladutsa pa makompyuta a Opera, amalifinya, kenako n'kutumiza zotsalazo. JavaScript yambiri imathera komweko. Anthu amaikonda chifukwa bandulo imakhalitsa, ndipo sungawauze kuti aisiye chifukwa cha webusayiti ya amalume.

Ukadziwa nambala ija, tsegula caniuse.com, ulembe chinthu chilichonse chatsopano chimene unagwiritsa ntchito, uone kuti chinayamba kumveka pa browser iti. Uonanso chizindikiro cha Baseline, chomwe chinayamba mu 2023: chinthu chikatha miyezi 30 chikugwira pa browser zonse zikuluzikulu, amachitcha chofala. N'chothandiza ndithu, koma amene anasankha miyezi 30 ankaganizira anthu amene mafoni awo amadzipangira okha update. Kwathu kuno ine ndimawonjezerapo zaka.

Langizo langa lalikulu ndi ili. Kusungitsa chipinda kukhale fomu wamba ya HTML, yomwe imatumiza dzina, tsiku ndi nambala ya foni ngakhale JavaScript itakanika. Zokometsera uziwonjezera pamwamba pake. Nambala ya foni ya pamalopo ilembedwe poyera, osati mkati mwa chithunzi, kuti zina zonse zikavuta munthu angoimba. Zithunzi za nyanja uzichepetse kukula kwake. N'zokongola, inde, koma mlendo amene akudikira chithunzi cha Senga Bay kwa mphindi yathunthu amatseka n'kufunsa kwina.

Pa kuyesa, mu DevTools, zida za opanga masamba zimene zili mu Chrome ya pa laputopu, muli pochepetsera liwiro kuti uone mmene tsamba limabwerera pa 3G, mulinso poonera ngati uli pa foni. Koma kachiwiriko kasakupusitse: kamangochepetsa sikirini, injini ikadali ya laputopu yako. Pita kwa anyamata okonza mafoni, ugule itel kapena Tecno yakale yosweka galasi, bola iziyaka. Usaipange update. Uilumikize ku laputopu ndi chingwe cha USB, uyatse USB debugging pa foniyo kuti laputopu ithe kuona za mkati mwake, ulembe chrome://inspect mu Chrome ya pa laputopu, ndipo cholakwika chidzaoneka chofiira, ndi nambala ya mzere wake. Ukatha kukonza, ukayesere pamalo ogona alendo pomwepo madzulo a Loweruka, anthu atadzaza kunyanja, netiweki ikulemera. Amalume uwapatse foni adine okha iwe uli chete. Pamene chala chawo chikayikire, pamenepo pakadali ntchito.

FUNSO: Bambo, foni yanga ndinaigula kwa munthu mu 2018. Masamba ena ikulemba kuti "Your connection is not private" n'kukana kutsegula. Mwana wanga akuti ndipange update, koma ine ndimaona ngati n'kutaya bandulo chabe poti foni ikuimba bwino. Ndichite chiyani? Mayi mphunzitsi, Dwangwa.

YANKHO: Mayi, yambani ndi chinthu chosalira ndalama. Onani tsiku ndi nthawi pa foniyo. Batire ikatheratu kapena mukaichotsa, mafoni ena amabwerera ku chaka chakale. Tsamba lotetezeka limakhala ndi chiphaso cholembedwa tsiku loyambira ndi lothera, ndiye foni ikamaganiza kuti tili zaka zam'mbuyo, imachikana chiphasocho. Mukakonza tsiku, nthawi zambiri uthengawo umachoka.

Ukapanda kuchoka, lowani mu Settings, pa About phone, muone nambala ya Android. Masamba ochuluka kwambiri amatenga ziphaso zaulere ku bungwe la Let's Encrypt, ndipo kuyambira 2024 mafoni a Android yakale kuposa 7.1.1 sakuzizindikiranso. Ngati yanu ili m'gulu limenelo, yesani Firefox ngati Play Store ikulolani kuiika, chifukwa imayenda ndi mndandanda wakewake wa ziphaso, sidalira wa foni.

Mwana wanu sakunama, koma akunena theka. Update ya browser si yongosintha maonekedwe. Zambiri mwa izo ndi zotseka mipata imene akuba apeza, ndipo foni imene mumaonerapo za ku banki ikufunika zimenezo. Theka linalo ndi lakuti pali mafoni amene update inawasiya. Chrome 120, ya Disembala 2023, inafuna Android 8 kupita m'mwamba. Chrome 139, ya Ogasiti 2025, inafuna Android 10. Foni ikatsalira pamenepo, mungagule bandulo ya ndalama zingati, Chrome yatsopano siilowa. Imbani nayo, tumizani mauthenga, koma za ndalama za pa browser chitirani pa foni ina.

Ngati Android yanu ikuloledwabe, musadine "Update all", chifukwa ndi pamene bandulo imathera. Sakani Chrome yokha mu Play Store, muipange update kamodzi pa mwezi, mwina malipiro akangolowa. Zinthu ziwiri musachite. Tsamba la banki likakuchenjezani, musakakamize kulowa. Ndipo tsamba lililonse likakulemberani ndi zilembo zothwanima kuti browser yanu yakalamba, dinani apa, tsekani msanga. Update yeniyeni imachokera mu Play Store, osati pa tsamba limene mukuwerenga, osatinso pa fayilo imene wina wakuponyerani pa Bluetooth mu staff room.

FUNSO: Pa ofesi ya kopaletivi yathu ya alimi a mpunga tili ndi kompyuta ya Windows 7 imene tinapatsidwa. Internet Explorer sikutsegulanso masamba ambiri. Tiitaye? Mlembi, Nkhotakota.

YANKHO: Musaitaye, alembi, koma Internet Explorer muiiwale. Microsoft inaipumitsa pa 15 Juni 2022, ndipo opanga masamba anasiya kuiganizira. Windows 7 nayo inasiya kusamalidwa mu Januwale 2020. Chrome yomaliza imene imalowa mmenemo ndi 109, ya Januwale 2023, pomwe Firefox inaima pa 115 ESR. Pa ziwirizi ikani Firefox, itsegula zambiri zimene zikukanika panopa, koma ndi njira yongodutsira.

Wina akuuzani kuti akuikireni Windows 10. Dziwani kuti nayonso Microsoft inasiya kuisamala mu Okutobala 2025. Ngati ntchito ya kompyutayo ndi makalata, kaundula wa mamembala ndi matumba a mpunga, komanso intaneti, pezani wodziwa akuikireni Linux Mint, yomwe imalowa m'malo mwa Windows. Ndi yaulere, imayenda pa makina ambiri akale, imabwera ndi Firefox yomwe imalandirabe update, ndiponso LibreOffice yomwe imatsegula mafayilo a Word ndi Excel. Muuzeni ayambe waiyesa kuchokera pa flash asanaike, muone ngati printa yanu ikugwira. Ndipo asanakhudze chilichonse, kaundula yense akoperedwe pa ma flash awiri, imodzi isungidwe kwa msungichuma.