Funso la -march=native ndi zimene zinandichitikira ku Matero

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa wowerenga wina wa ku Kabwata, amene akufuna kudziwa ngati kuika -march=native mu GCC, kompaila imene imamasulira pulogalamu kukhala malangizo amene purosesa ya kompyuta imamva, kungathandize kuti pulogalamu yake yolembedwa m'chilankhulo cha C izithamanga kwambiri. Achimwene, funso lanu landikumbutsa tsiku limene sindidzaliiwala, choncho mundilole ndiyambire pamenepo.

Zaka zingapo zapitazo ndinalembera ofesi ina ya ku Matero pulogalamu yowerengera katundu. Ndinaikonza pa laputopu yanga yokhala ndi purosesa ya Intel Haswell, mtundu umene unatuluka mu 2013 ndi malangizo atsopano a AVX2 owerengera manambala ambiri nthawi imodzi, ndipo ndinaikapo -O3 (youza kompaila kuti ifulumizitse pulogalamu kwambiri) ndi -march=native pofuna liwiro lonse limene makinawo akanapereka. Kunyumba inkayenda bwino zedi. Koma nditaiika pa kompyuta ya mlembi wa ofesiyo, ya purosesa yakale ya Core 2 Duo, inangolemba kuti "Illegal instruction" (kutanthauza kuti yakumana ndi malangizo achilendo kwa purosesayo) n'kuima, anthu onse akundiyang'ana. Ndinabwerera pa minibasi mtima uli wosweka, chifukwa cholakwacho chinali changa ndekha.

Chimene sindinkachimvetsa n'chakuti -march imalola kompaila kugwiritsa ntchito malangizo onse amene purosesa yotchulidwayo imadziwa (ndipo native ndiye purosesa ya makina amene mukukonzerapo pulogalamuyo), pamene -mtune imangosintha kasanjidwe ka malangizowo popanda kuwonjezerapo amene makina akale sangawamve. Ndipo ndikunena motsimikiza kuti munthu wolembera anthu a mu Lusaka alibe chifukwa chodalira makina ake okha, pakuti m'maofesi ndi m'masukulu athu ambiri muli makompyuta ogwiritsidwa kale ntchito kunja. Ngakhale mapurosesa ambiri a Celeron ndi Pentium amene anatuluka pambuyo pa 2013 analibe AVX2, ndiye chaka chimene kompyuta inagulidwa sichikuuzani kanthu.

Nanga muchite chiyani?

Ngati pulogalamuyo izigwira ntchito pa makina anu okha, kapena pa kompyuta yaing'ono ya Raspberry Pi 4 imene mukudziwa kuti ili ndi purosesa ya Cortex-A72, iuzeni kompaila purosesayo mosaopa. Ngati ikupita kwa anthu ena, gwiritsani ntchito -O2 (yofulumizitsa pulogalamu mocheperako kuposa -O3) popanda -march, yezani ndi chida choyezera liwiro chotchedwa perf kuti muone pamene ikuchedwa, ndipo pa gawo limenelo lokha ikanipo target_clones, imene imauza GCC kukonza gawolo m'njira zingapo, kuti pulogalamu izisankha yokha njira yoyenera purosesa imene yapeza poyambira.