Mawu amene agogo anasiya ali gone musawataye

Achimwene, mwafunsa ngati zimene agogo anu ananena pomwalira ku Lunzu zingathandize kulondola mbiri ya banja, popeza sanalembe wilo. Zingathandize kwambiri. Kukhoti n'kwina, chifukwa lamulo la 2011 la chuma cha masiye limafuna wilo yolembedwa ndi kusainidwa pamaso pa mboni ziwiri. Koma pa za mbiri, munthu akamagawa katundu amatchula mayina, ndipo mayinawo ndi amene inu mukufuna.

Agogo anga aakazi ali pamphasa ku Chilomoni anati dimba la kumtsinje lipite kwa "mwana wa chemwali wanga amene anathawa njala". Ine ndinali ndisanamvepo zoti anali ndi chemwali. Amanena njala ya 1949, ndipo titafufuza tinapeza abale athu ku Mulanje.

Fulumirani kukaonana ndi amene analipo tsikulo akadali moyo, makamaka amalume, eni mbumba. Afunseni payekhapayekha ndipo muwajambule pafoni, chifukwa amene analandira munda amakumbukira mosiyana ndi amene anamanidwa. Mayina a midzi akatuluka, pitani kwa anyakwawa akumeneko, amadziwa amene anagona kumanda kwawo.