Maziro atatu a Dodgers pa 8 Okutobala 1956

Achimwene, mwafunsa kuti maziro atatu ali kumapeto kwa mzere wa Brooklyn Dodgers pa zotsatira za masewero a baseball a pa 8 Okutobala 1956 akutanthauzanji, komanso ngati Don Larsen wa New York Yankees ndiye anali katswiri woponya mpira kuposa onse nthawi imeneyo.

Tiyambe ndi zilembo zitatu zimene zili pamwamba pa manambalawo. R ndi zigoli. H ndi maulendo amene womenya anaumenya mpira n'kufika pa besi (malo amene amathamangira akamenya mpira) asanamutulutse. E ndi zophonya za otchinga. Mzere wa Dodgers uli 0, 0, 0 ndipo wa Yankees uli 2, 5, 0. Mu baseball timu imamenya zigawo 9, chigawo chilichonse chimatha anthu atatu akatuluka, ndiye kuti 27 onse pamodzi. Tsiku limenelo ku Yankee Stadium, pamaso pa anthu 64,519, a Dodgers 27 anabwera kudzamenya ndipo onse 27 anabwerera kukakhala pansi. Sipanapezeke ndi mmodzi yemwe woponda besi yoyamba. Izi amazitchula kuti perfect game, ndipo mu World Series, mpikisano womaliza wolimbirana chikho cha baseball ku America, sizinachitikenso mpaka lero. Larsen anaponya mpira ka 97 kokha, anthu 7 n'kuwatulutsa ndi sitiraiki (womenya akalephera katatu kumenya mpira woponyedwa bwino).

Funso lanu lachiwiri ndi limene limandikhudza mtima. Ayi, Larsen sanali katswiri wa akatswiri. Mu 1954 ali ku Baltimore Orioles anapambana masewero 3, n'kugonja 21. Ntchito yake yonse inatha ndi 81 opambana ndi 91 ogonja. Masiku atatu okha masewerowa asanachitike, a Dodgers omwewa anamusokoneza mpaka mphunzitsi wa Yankees Casey Stengel kumutulutsa m'chigawo chachiwiri. Munthu yemweyo ndi amene tikumukamba lero!

Ndipo maziro aja sanawapange yekha, ngakhale chikalata cha manambala sichinena zimenezi. M'chigawo chachiwiri Jackie Robinson wa Dodgers anamenya mpira wamphamvu umene unagunda golovesi ya wotchinga wa Yankees Andy Carey n'kunjanja, mwamwayi unalunjika kwa mnzake Gil McDougald amene anauponya ku besi yoyamba Robinson asanafike. M'chigawo chachisanu Gil Hodges wa Dodgers anaumenya kutali, Mickey Mantle wa Yankees n'kuuthamangira mpaka kuuwakha akuthamanga chomwecho. Mantle yemweyo ndiye anali atachinya chigoli choyamba ndi home run (kumenya mpira mpaka kudumpha mpanda wa bwalo) m'chigawo chachinayi, chachiwiri chinabwera ndi Hank Bauer m'chigawo chachisanu ndi chimodzi.

Amene ndimamumvera chisoni ndi Sal Maglie, woponya wa Dodgers. Bambo wa zaka 39, anaponya masewero onse osapumira, analola zigoli 2 zokha. Tsiku lina lililonse akanapita kwawo akuyamikiridwa, koma dzina lake amalikumbukira ndi ochepa.

Womenya womaliza anali Dale Mitchell, munthu wovuta kwambiri kumutulutsa ndi sitiraiki: pa ntchito yake yonse zinangomuchitikira ka 119. Mpira womaliza anayamba kuumenya n'kubweza ndodo, woyimbira masewero Babe Pinelli n'kukweza dzanja kuti watuluka. Yogi Berra, wowakha kumbuyo, anathamanga n'kudzadumphira m'manja mwa Larsen. Masewero onse anatenga maola 2 ndi mphindi 6, ndipo patapita masiku awiri Yankees inatenga chikho ku Ebbets Field, kwawo kwa Dodgers.