Mangani lida, koma dziwani chifukwa chake

Achimwene, mwalemba kuti m'bale wanu wakutumizirani ndodo yowedzera kuchokera ku Johannesburg pamodzi ndi mpukutu wa chingwe cholukidwa chija amachitcha braid, ndipo mukufunsa ngati n'koyenera kumangirira mbedza pa chingwecho mwachindunji, kapena muyambe mwalumikizako kachingwe kena kutsogolo, kamene owedza ambiri amakatcha lida. Mwanenanso kuti nthawi zambiri mumawedza mu Shire chakumunsi kwa mlatho wa pa boma, koma masiku ena mumapita ku Monkey Bay. Yankho langa ndi lakuti m'madzi athu a ku Mangochi lida ndi yofunika pafupifupi ulendo uliwonse, kupatula malo amtundu umodzi amene ndiwatchule kutsogoloku. Komabe chifukwa chimene anthu amathamangira kupereka, chakuti nsomba zimaona chingwe, si chimene ine ndimachiika patsogolo.

Braid ndi ulusi wambirimbiri wopyapyala wa pulasitiki yolimba kwambiri, umene umalukidwa m'magulu anayi kapena asanu ndi atatu, ndipo pa mapaketi ena mudzaona dzina lakuti Dyneema kapena Spectra. Ubwino wake ndi weniweni. Chingwe cholembedwa kuti mapaundi 20, kutanthauza kuti chimapirira kukokedwa ndi makilogalamu pafupifupi 9 chisanaduke, chimakhala chochepa thupi ngati nayiloni ya mapaundi 6, choncho chimapita kutali mukaponya ndipo madzi oyenda sachikoka kwambiri. Sichitamukanso ngati nayiloni, moti nsomba ikangogunda nyambo pansi pa madzi akuya, dzanja lanu limamva nthawi yomweyo. Koma kulimba kwake ndi kwa kukokedwa basi. Chikakhala chokungika n'kukhuza pa mwala, timaulusi tija timaduka kamodzikamodzi, ndipo chingwe chimene simukanatha kuchidula ndi manja chimathothoka m'kanthawi kochepa.

Izi ndinaziphunzira m'njira yowawa zaka zingapo zapitazo. Tsiku lina chisisira chitagwa ndinali m'bwato ndi mnzanga pafupi ndi miyala, tikuwedza kampango ndi nyambo ya usipa, ndipo ine ndinali nditamanga mbedza ndi mtovu pa braid popanda lida chifukwa wondigulitsa anali atanditsimikizira kuti chingwecho sichiduka. Nsomba itadya, inachita zimene kampango amachita nthawi zonse, ndiko kuthamangira kuphanga kwake pansi pa mwala. Ndinamva chingwe chikukwecha kawiri, kenaka ndodo inangowongoka. Nditakokera m'bwato ndinapeza nsonga yake itanyenyeka ngati ulusi wa nsanza. Mnzanga uja, amene anali ndi nayiloni wamba yokhuthala yokulunga pa kathabwa, anakweza kampango awiri pamalo omwewo usiku womwewo. Gombe la ku Monkey Bay, ku Cape Maclear ndi kuzilumba zoyandikira n'lodzaza ndi miyala yokhakhala yotereyi, ndipo kampango ndi nsomba yokonda kukhala pansi m'mapanga. Nayiloni yokhuthala, kapena chingwe china chofanana nayo chotchedwa fluorocarbon, ndi chingwe chimodzi chosalala, choncho mwala ukachikala chimangokhala ndi zipsera koma n'kupirirabe. Ichi ndicho chifukwa choyamba.

Chifukwa chachiwiri ndimachiona kuti n'chachikulu kuposa momwe ambiri amaganizira, ndipo chimakhudza tsiku limene mbedza yakodwa pansi. Mu Shire muli zitsa, mizu ya bango ndi zidutswa za maukonde akale, ndipo palibe wowedza amene sakodwetsa. Ngati braid yafika mpaka pa mbedza, simungathe kuidula pokoka. Mukakakamira mudzathyola ndodo, kupinda chitsulo cha chopotera, kapena kudzicheka chala kwambiri, pakuti chingwe chimenechi chikakungika chimadula mnofu ngati lumo. Mapeto ake mumatenga mpeni n'kudulira pafupi ndi ndodo, n'kusiya mamita 20 kapena 30 m'madzi. Mukatero kanayi kapena kasanu, mpukutu umene m'bale wanu anauvutikira watha, ndipo kuno braid siipezeka mwachisawawa. Chimene chimandipweteka mtima kwambiri n'chakuti chingwe chotsalacho sichiola. Chimakola mbalame za m'madzi, chimapiringiza maukonde a anzathu amene amadalira nyanjayi kuti ana adye, ndiponso chimakulungika ku injini za maboti. Mukamanga lida yofooka pang'ono poyerekeza ndi chingwe chachikulu, podukapo pamakhala pa lida kapena pa mfundo yake, ndiye mumangotaya mbedza, mtovu ndi kachidutswa kosaposa mamita awiri. Lida ndi gawo limene mwavomereza kale kuti likhoza kutayika, n'chifukwa chake isamapose mphamvu ya braid pokhapokha pali chifukwa chenicheni, monga kuwedza pamiyala penipeni.

Tsopano za kuoneka kwa chingwe. N'zoona kuti braid siionekera mkati ngati nayiloni, ndipo yambiri imabwera yobiriwira, yachikasu kapena yamitundumitundu. Ku Cape Maclear masana, kumene munthu ali m'bwato amaona mchenga ndi nsomba pansi, ine sindingaponye nyambo yomangidwa pa chingwe chachikasu, makamaka ngati nyamboyo ikhala chete nsomba n'kumaiyendera modekha. Fluorocarbon imathandiza pamenepa chifukwa kuwala kumadutsamo mofananako ndi mmene kumadutsira m'madzi, kusiyana ndi nayiloni, ngakhale kunena kuti siioneka n'komwe ndi mawu a amalonda chabe. Koma nthawi ya dzinja mitsinje ikamatsitsa matope, kapena mwera ukavundula madzi a m'mphepete, kapenanso usiku, nkhani ya kuoneka imatha mphamvu. Mlamba ndi kampango amapeza chakudya makamaka ndi ndevu zawo ndi fungo. Choncho munthu amene amamanga lida pongoopa maso a nsomba amaisiya madzi akada, ndipo amaisiya pa nthawi imene miyala ndi zitsa zikadali pomwepo.

Palinso nkhani ya kutamuka, imene ndingoidutsa mwachidule. Popeza braid siitamuka, nsomba ikagwedeza mutu pafupi ndi bwato mphamvu yonse imafika pa mbedza, ndipo pakamwa pofewa pamang'ambika. Lida ya nayiloni imachepetsako kugwedezeka kumeneku, koma musaidalire kwambiri poti mita imodzi siitamuka mokwanira. Chothandiza kwenikweni ndi kumasula pang'ono buleki ya chopotera kuti nsomba ikakoka mwamphamvu chingwe chizituluka.

Malo amene ndinati lida siifunika ndi m'zomera zofewa, monga m'mphepete mwa Shire ndi ku Malombe kumene kwadzaza namasupuni ndi udzu wa m'madzi. Kumeneko madzi amakhala akuda, pansi pake ndi matope, ndipo mlamba ukadya umalowa m'zomera nthawi yomweyo. Braid yokhuthala, ya mapaundi 30 kapena kuposa, imacheka zomerazo pamene mukukoka, pomwe nayiloni imangotamuka nsomba n'kupiringiza chingwe m'zomeramo. Pamalo otero kuchotsa lida kumatanthauzanso kuchotsa mfundo imodzi imene ikanatha kumasuka. Mukasankha kutero, mangani mbedza ndi mfundo ya Palomar, imene imapinda chingwe pawiri, chifukwa braid ndi yoterera ndipo mfundo wamba imene tinazolowera pa nayiloni imapululuka. Koma mukaona kuti pali bango lokhwima, zitsa kapena zipilala za konkire, bwererani ku lida.

Funso lotsatira limene mudzakumana nalo ndi lakuti lidayo ikhale ya chiyani. M'magulu a owedza anthu amatchula fluorocarbon ngati kuti popanda iyo munthu sangagwire nsomba, ndipo ine ndikuona kuti mawu amenewa amafooketsa oyamba kumene. Fluorocarbon ndi yabwino: imamira msanga, siimwa madzi, imapirira dzuwa ndiponso kukhuzika. Koma ndi yodula, ndi youma moti mfundo yake imavuta, ndipo mungayende mashopu ambiri musanaipeze. Nayiloni imene imagulitsidwa m'mashopu a zipangizo za usodzi imagwira ntchitoyi mokwanira, bola ikhale yatsopano. Nayiloni imene yakhalitsa padzuwa imafooka ngakhale ikuoneka bwino, ndiye musanagule mangani mfundo pa kachidutswa n'kukoka mwamphamvu. Ikaduka mosavuta, isiyeni. Ine fluorocarbon ndimaisungira ulendo wa kumadzi oyera masana, ndipo kwina konse ndimagwiritsa nayiloni.

Simunatchule mphamvu ya braid yanu, choncho nditenga ya mapaundi 20 ngati chitsanzo. Pofuna makumba ndi nsomba zina zazing'ono zodya nyongolotsi, lida ya mapaundi 6 mpaka 8 ndi yokwanira, ndipo nyambo imayenda mwachibadwa pa chingwe chopyapyala chotero. Pa ncheni, imene imathamangitsa usipa pamadzi oyera ndipo ili ndi mano osongoka, ndimamanga ya mapaundi 15. Ena amaika waya poopa manowo, koma ine ndinaona kuti waya amachepetsa kudya kwa nsomba m'madzi oyera, ndipo mano a ncheni ndi ogwirira, si odulira ngati a tigerfish ya ku Shire wa kumunsi, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene waya ndi wosapeweka. Pa kampango wa m'miyala ndi pamene ndimaphwanya lamulo langa lija n'kumanga lida ya mapaundi 30, pofuna kukhuthala kwake osati mphamvu yake, ndipo mtovu ndimaumangirira pa kachingwe kapadera kofooka kuti ukakodwa uduke wokha. Kutalika kwake, mita imodzi imakwana m'madzi akuda, ndipo m'madzi oyera kapena pamiyala ikuluikulu ndimafikitsa mamita awiri.

Pamene anthu ambiri amagwa mphwayi ndi pa mfundo yolumikizira zingwe ziwirizi, ndipo ambiri amene amati lida inawatayitsa nsomba, cholakwika chinali mfundo. Yambani ndi imene amaitcha double uni, chifukwa mungathe kuimanga ngakhale bwato likugwedezeka. Gonekani nsonga ziwirizo pamodzi, ina kuloza uku ina uko, kuti zidutsane ngati kutalika kwa chikhatho ndi theka. Tengani nsonga ya nayiloni, muipinde kuti ipange bwalo pambali pa zingwe zonse ziwiri, kenaka muikulunge mozungulira zingwezo kudzera m'bwalomo kanayi kapena kasanu, n'kukoka pang'ono. Chitani chimodzimodzi ndi nsonga ya braid, koma iyo muikulunge kasanu ndi katatu kapena kakhumi chifukwa cha kuterera kuja. Nyowetsani ndi malovu, pakuti nayiloni ikakokedwa youma imatentha n'kufooka, ndipo kokani mbali zonse pang'onopang'ono mpaka mfundo ziwirizo zitagundana. Pokoka kulungani braid pa kamtengo, osati pa chala. Mfundo ya FG ndi yopyapyala ndi yolimba kuposa iyi, ndipo imadutsa bwino m'timphete ta ndodo, koma imafuna kuiyeserera kunyumba masiku angapo musanaidalire kunyanja.

Ngati mfundo zikukuvutani, mukhoza kulumikiza ndi kachitsulo kozungulira kotchedwa swivel, ndipo palibe cholakwika. Ingokumbukirani kuti kachitsuloko sikayenera kulowa m'kamphete ka kunsonga kwa ndodo, chifukwa kamang'alula mkati mwake, ndipo kamphete kong'aluka kamadya braid mwakachetechete ulendo uliwonse mukuponya. Izi zikutanthauza kuti lida ya swivel ikhale yaifupi, theka la mita kapena kuposerapo pang'ono.

Popeza mpukutuwo ndi watsopano, musanaupotere ikani kaye nayiloni mamita ochepa pansi pa chopotera, n'kulumikizapo braid ndi mfundo yomweyi. Mukapanda kutero, chingwe chonse chimazungulira pa chitsulo nsomba ikakoka, ndipo mudzaganiza kuti buleki yawonongeka. Mukapita ku Cape Maclear, dziwaninso kuti madzi a mamita 100 kuchokera ku gombe la Lake Malawi National Park ndi zilumba zake ndi otetezedwa chifukwa cha mbuna, choncho funsani ogwira ntchito kumeneko kapena asodzi a ku Chembe malo ololedwa musanaponye mbedza.

Mukagwira nsomba iliyonse, kapena mukamva kuti chingwe chakhuza pansi, yendetsani lida pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala kuchokera pa mfundo mpaka pa mbedza. Mukamva pokhakhala, dulani pamwamba pake n'kumanganso mbedza, ndipo lida ikafupika kufika theka, ichotseni yonse muike ina. Ine ndimamangiratu zitatu kapena zinayi kunyumba madzulo, iliyonse ndi mbedza yake, n'kuzikulunga pa kachidutswa ka patapata wakutha, kuti kunyanja ndizingomanga mfundo imodzi yokha. Mukandiuza mphamvu yolembedwa pa paketi ya braid yanu ndi nsomba imene mukuifuna kwambiri, ndidzakuuzani nambala ya nayiloni yoti mukagule.