Kodi dzuwa lingawotche foni ndi sola yanu?

Mayi wina wa ku Tsangano wandilembera imelo kufunsa ngati ndi zoona zimene zikuyenda pa WhatsApp, zoti dzuwa laphulika ndipo aliyense azimitse foni ndi kuzula nthambo za sola usiku uno. Mayi, funso lanu landitosa pachilonda chakale, choncho mundilole ndiyambe ndi nkhani ya bambo anga.

Kwathu ku Bembeke bambo anali ndi wailesi ya mabatire anayi imene ankaifunditsa kansalu koluka, ndipo Lamlungu masana ankatchera masiteshoni akutali a shortwave, waya wa eriyo atakoleka mumtengo wa pichesi. Tsiku lina mu 1989 mawu anangozilala nkhani zili mkati. Anatulutsa mabatire, kuwayanika padzuwa, kuwabwezeramo, koma wailesi inangoti zii. Mlandu unagwera ine, popeza ndine ndinkakonda kupotokola mabatani, ndipo ndinalandira makofi awiri. Lisanathe ola wailesi inayambanso kuyankhula yokha, ndipo palibe amene anandipepesa. Patapita zaka, ndikuphunzira sayansi, ndinamva kuti dzuwa likaphulika kuwala kwake kwamphamvu kumafika kuno m'mphindi 8 zokha, n'kusokoneza mpweya wakumwamba umene mafunde a shortwave amanjanjapo, moti mbali yonse ya dziko imene kuli masana wailesi zoterezi zimakhala chete. Chaka chimenecho dzuwa linali litalusa kwambiri, ndipo pa 13 Malichi magetsi anazima maola 9 m'chigawo cha Quebec ku Canada. Mpaka lero ndimati makofi aja anali a dzuwa.

Chimene chimandinyansa ndi mauthenga ofalitsidwa mwachisawawawa n'chakuti amatenga nkhani yoona n'kuisandutsa chiwopsezo cha ana. Dzuwa limalusa ndi kuziziranso pa zaka pafupifupi 11 zilizonse, ndipo likalusa nthawi zina limalavula chimtambo cha mpweya wotentha wokhala ndi mphamvu ya maginito, chimene chimayenda makilomita 150 miliyoni m'tsiku limodzi kapena masiku atatu. Chikawomba mphamvu ya maginito ya dziko lathu, chimayambitsa magetsi osafunika m'nthambo zitalizitali, za makilomita mazanamazana. Mu Seputembala 1859, katswiri wa zakuthambo Richard Carrington ataona kuphulika kotere ku England, makina a telegalafu, otumizira mauthenga pa waya, anathetheka moto. Mu Okutobala 2003 mathiransifoma ena aakulu anawonongeka ku South Africa, pafupi pomwepa. Mu Febuluwale 2022 masetilaiti 38 mwa 49 a Starlink, opereka intaneti, amene anali atangoponyedwa kumene anagwa, chifukwa mpweya wakumwamba unafufuma n'kuwakoka. Mu Meyi 2024 mathirakitala oyendera GPS anasokonekera m'minda ya ku America nthawi yodzala ili mkati. Zonsezi ndi zinthu zikuluzikulu kapena zakumwamba. Kawaya ka mamita asanu kochokera padenga panu kupita ku batire sikangakole magetsi otere.

Akatswiri olondalonda dzuwa alipo, ndipo sagona: a SANSA ku Hermanus m'dziko la South Africa, ndi a NOAA ku Boulder m'dziko la America, amene amayeza ukali wa namondwe wa maginito wobwera ndi chimtambo chija kuyambira G1, wofooka, mpaka G5, woopsa kwambiri. Amachiona chimtambo chikunyamuka, koma ukali wake weniweni amaudziwa chikadutsa masetilaiti amene ali pa mtunda wa makilomita 1.5 miliyoni kuchokera kuno, pamene patsala mphindi 15 mpaka 60 kuti chifike. Ndiye munthu amene akukuuzani motsimikiza kuti ngozi ifika 12:30 usiku uno, pomwe akatswiri enieniwo amatchula ola mokayika, ndimamuyesa wabodza, ndipo sindimupepesa.

Nanga muchite chiyani?

Musazimitse foni, ndipo sola muisiye momwe ilili. Ngati wina akukuyezerani malire a munda wa mbatatesi ndi GPS ya pafoni tsiku limene kwalengezedwa G4 kapena G5, mupempheni adzayezenso tsiku lina, chifukwa ikhoza kuphonya ndi mamita angapo. Chimene chimawotchadi mainveta ndi matchaja kumapiri kwathu kuno ndi mphenzi, choncho nthambozo muzizizula mvula ya mabingu ikamatsika phiri.